Kulumikiza mafupa a msana ndi kuyeza kwa singano: n'chifukwa chiyani ena amachira, ena ayi?

Mu April 2017, katswiri wa gofu wa ku America, Tiger Woods, anachitidwa opaleshoni ya msana ku Texas. Msana unali utamuzunza kwa zaka, ululu ukutsikira mpaka kumwendo, ndipo maopaleshoni atatu am'mbuyomo sanamupatse mtendere. Ulendo umenewu madokotala analumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana kuti akhale fupa limodzi. Patangotha zaka ziwiri, mu April 2019, Woods anapambana mpikisano waukulu wa Masters, ndipo ambiri ovutika ndi msana anayamba kufunsa madokotala awo ngati nawonso angachitidwe zomwezo.

M'dziko lomwelo, m'chigawo cha Ohio, ofufuza anatsatira anthu 725 amene anavulala msana ku ntchito n'kuchitidwa opaleshoni yamtunduwu. Zimene anapeza zinatuluka mu 2011. Patatha zaka ziwiri, anthu 26 okha pa 100 alionse ndi amene anali atabwerera ku ntchito. Mwa anzawo enanso 725 amene sanachitidwe opaleshoni, obwerera ku ntchito anali 67 pa 100. N'kutheka kuti ochitidwa opaleshoniwo ndi amene anali odwalitsitsa kuyambira pachiyambi, koma ngakhale zili choncho, kusiyanaku n'kodabwitsa.

Opaleshoni yake ndi imodzi, dzina lake spinal fusion. Nanga kusiyana konseku kukuchokera kuti? Mbali yaikulu ya yankho ili pa funso limene limabwera mpeni usanakhudze munthu: kodi ululuwo ukuchokera pati penipeni?

Nkhata za msana

Msana ndi timafupa tosanjikizana, ndipo chigawo cha m'munsi, cha m'chiuno, chili ndi mafupa asanu. Madokotala amawawerenga kuyambira pamwamba, L1 mpaka L5. Pansi pa L5 pali fupa lina lotakata, ndipo mutu wake amautcha S1. Mukaona papepala la kuchipatala palembedwa L4-L5 kapena L5-S1, akutanthauza mpata wa pakati pa mafupa awiriwo. Mipata iwiri imeneyi ndi imene imasenza katundu wambiri, ndipo ndi imene imavuta kawirikawiri.

Mumpata uliwonse muli disiki. Aliyense amene anasenzapo ndowa ya madzi amadziwa ntchito ya nkhata, ndipo disiki ndi nkhata ya msana: kunja kwake n'kolimba ngati tayala, m'kati muli zofewa zosunga madzi. Munthu akamakula, madziwo amachepa, nkhata imaphwa, ndipo chikopa chake chimatha kung'aluka. Kumbuyo kwa madisiki kuli ngalande imene mumadutsa mitsempha yopita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Zam'kati mwa disiki zikatuluka n'kupanikiza mtsempha, munthu amamva ululu wong'anima ngati magetsi kuchokera m'thako kutsikira kuphazi, nthawi zina ndi dzanzi.

Ululu wa mwendo woterewu ndi wosavuta kuulondola, chifukwa mtsempha uliwonse uli ndi njira yake. Wovuta ndi ululu wa msana wokhawokha, uja wongoti ndii m'chiuno munthu akakhala pansi kapena akawerama. Umenewo ungachokere mu disiki, m'timfundo ta kumbuyo kwa mafupa, m'minofu, m'mfundo yolumikiza msana ndi chiuno, kapena malo angapo nthawi imodzi.

Mmene amalumikizira

Opaleshoniyi ndi yakale. Mu 1911, madokotala awiri a ku New York, Russell Hibbs ndi Fred Albee, aliyense payekha, anayamba kulumikiza mafupa a msana pofuna kuthandiza odwala chifuwa chachikulu cha m'mafupa, TB imene imadya msana mpaka munthu kupindika n'kutuluka linunda. Maganizo awo anali osavuta: malo amene awonongeka asiye kugwedezeka.

Lero dokotala amatha kulowera kumbuyo, m'mbali, kapena pamimba ngati mmene anachitira ndi Woods. Nthawi zambiri amakokolola disiki yowonongekayo, n'kuikapo kabokosi kakang'ono ka titaniyamu kapena ka pulasitiki yolimba, kodzaza ndi tizidutswa ta fupa. Tizidutswato timachokera pafupa la m'chiuno la wodwalayo, pa mafupa amene asemedwa pa opaleshoni yomweyo, kapena ku nkhokwe ya mafupa operekedwa ndi anthu ena. Kenako, makamaka akalowera kumbuyo, amamanga masikuluwu awiri m'fupa lililonse n'kuwalumikiza ndi tindodo tachitsulo.

Apa m'pamene odwala ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti zitsulozo ndiye opaleshoniyo. Taganizani za mlimi womezanitsa mango. Amadula kanthambi, n'kukalowetsa patsinde la mbande ina, n'kukulunga ndi pulasitiki. Pulasitikiyo ntchito yake n'kugwirizira, koma zolumikizana ndi mitengo yokhayo, pang'onopang'ono. Zitsulo za mumsana ndi pulasitiki ija. Thupi ndi limene limameretsa fupa latsopano lodutsa pampatapo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 6 mpaka 12, ena kuposa apo. Fupa likapanda kugwira, zitsulo zimatsala zokha ndi katundu yense, ndipo m'kupita kwa nthawi zimakhwefuka kapena kuthyoka ngati waya wopindidwapindidwa. Fodya ndi mdani wamkulu pamenepa, chifukwa amachepetsa magazi ofika pamalopo. N'chifukwa chake madokotala ambiri amakana kuchita opaleshoniyi munthu asanasiye kusuta.

Chithunzi sichimva kuwawa

Munthu angaganize kuti makina a MRI, amene amaonetsa madisiki bwinobwino, anathetsa vuto lopeza gwero la ululu. Anangolisintha mtundu.

Mu 1994 ofufuza ku California anajambula misana ya anthu 98 amene sankamva kuwawa kulikonse. Anthu 36 okha pa 100 ndi amene madisiki awo onse anali abwinobwino. Oposa theka anali ndi disiki imodzi kapena zingapo zotukumuka. Mu 2015 ofufuza ena anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wonga ameneyu, ndipo anapeza kuti mwa anthu a zaka 20 osadandaula chilichonse, 37 pa 100 ali kale ndi disiki yoyamba kutha, pomwe mwa a zaka 80 chiwerengerocho ndi 96 pa 100. Kutha kwa disiki kuli ngati imvi. Kumaoneka, koma pakokha sikunena kuti munthu akudwala.

Ndiye tayerekezani dokotala ali ndi wodwala wa zaka 45, msana wamuwawa zaka zitatu, ndipo chithunzi chikuonetsa madisiki awiri akuda, ophwa. Wolakwa ndi uti? Kapena onse ndi osalakwa? Kuyeza kwa singano kunabwera kudzayankha funso limeneli.

Kuyeza kofuna kuti umve kuwawa

Dzina lake ndi discography, ndipo anayamba kukufotokoza ndi dokotala wa ku Sweden, Knut Lindblom, mu 1948. Kuyeza kwina kawirikawiri kumayesetsa kupewa ululu. Uku kumaufunafuna dala, ngati mmene dokotala wa mano amagogodera dzino limodzilimodzi kuti amve limene mudumphe nalo.

Wodwala amagona chafufumimba kapena cham'mbali. Amamupatsa mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu, mwinanso omuziziritsa mtima pang'ono, koma samugoneka, chifukwa yankho lili m'kamwa mwake. Dokotala, akuyang'ana pa ekisire, amalowetsa singano yaitali, yowonda, mpaka pakati pa disiki. Amatero pa madisiki awiri, atatu kapena anayi, kuphatikizapo imodzi yooneka yabwino yoti afanizire. Kenako amapopamo madzi ooneka pa ekisire, disiki imodzi imodzi, osamuuza wodwala kuti tsopano ali pa iti. Amene anamatapo chubu cha njinga amadziwa zopopa mpweya n'kuviika m'madzi kuti aone potuluka thovu. Apanso disiki yong'aluka imaonetsa madzi akudontha m'ming'alu, ndipo kawirikawiri amajambulanso ndi makina ena a ekisire otchedwa CT akamaliza.

Koma mtima wa kuyezaku ndi mafunso. Mukumva chiyani? Pa 10, ululuwu ndi ungati? Ndi ululu wanu uja wa masiku onse, kapena ndi wachilendo? Disiki ikabweretsa ululu weniweni umene munthu amaudziwa, pomwe yoyandikana nayo ili chete, amati wolakwa wapezeka.

Odwala amafotokoza mosiyanasiyana. Ena amati ankangomva kupanikizika, kenako pa disiki imodzi ululu wawo wonse unabwera nthawi imodzi mpaka kukuwa. Ambiri mwa amenewa amatuluka m'chipindamo ali ndi chimwemwe chachilendo: patatha zaka akuuzidwa kuti palibe chikuoneka, achibale akuwayesa aulesi, tsopano pali umboni. Ena amati paliponse pamene singano inalowa panawawa, ndipo funso loti "ndi womwe uja?" linali lovuta kuliyankha munthu ali chigonere, thukuta lili kamukamu, akudziwanso kuti yankho lake lingamutengere ku opaleshoni kapena kumutsekera khomo. Pafupifupi onse msana umawawa kwambiri kwa masiku angapo pambuyo pake. Choopsa chosowa, chogwera osakwana munthu mmodzi pa 100, ndi tizilombo kulowa mu disiki. Popeza disiki ilibe magazi ambiri, matenda a mmenemo amavuta kuchiza.

Mkangano pa kuyezaku unayamba kalekale, koma amene anaukoleza kwambiri ndi Eugene Carragee, dokotala wa opaleshoni ya msana ku yunivesite ya Stanford. Iye anafunsa funso losavuta: bwanji tikabaya anthu amene alibe vuto la msana? Mu 2000 anasonyeza kuti mwa anthu 10 opanda ululu uliwonse, mmodzi anamva kuwawa kokwanira kuti disiki yake iweruzidwe. Mwa anthu 10 amene anali ndi ululu wokhalitsa wa khosi koma msana wam'munsi uli bwino, anayi anatero. Tanthauzo lake n'lakuti thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi ululu silichedwa kumva kuwawa, moti singano ikhoza kuloza disiki yosalakwa.

Mu 2006 anayesa njira ina. Anatenga odwala 30 amene singano inaloza disiki imodzi momveka bwino, n'kuwafanizira ndi odwala 32 amene fupa lawo linali lotsetsereka ndi logwedezeka, vuto looneka ndi maso pa ekisire. Onse anawalumikiza mafupa. Mwa otsetsereka fupa aja, 72 pa 100 anachira kwambiri. Mwa olozedwa ndi singano, 27 pa 100 okha. Ndipo mu 2009 anatulutsa zotsatira za anthu amene anawatsatira zaka 10: madisiki obayidwa amene anaonjezereka kutha anali 35 pa 100, pomwe mwa anthu osabayidwa anali 14 pa 100. Chubu choboola ndi singano, ngakhale yaing'ono, sichikhalanso chimodzimodzi.

Ochirikiza kuyezaku ali ndi mayankho awo. Amati vuto ndi kachitidwe: dokotala akapopa mwamphamvu, disiki iliyonse imawawa. Akagwiritsa ntchito chida choyeza mphamvu ya kupopako, n'kuvomereza ululu wobwera pa mphamvu yochepa yokha, komanso n'kuonetsetsa kuti disiki yofanizira ili chete, olozedwa molakwa amatsika kufika pansi pa 10 pa 100. Amatinso phindu lina la kuyezaku n'kuletsa opaleshoni, chifukwa madisiki onse akakhala chete, kapena onse akawawa, dokotala wanzeru amabweza mpeni. Masiku ano kuyezaku sikuchitikanso kawirikawiri ngati kale, koma sikunathe, makamaka ku America.

Zimene anapeza atagawa odwala mwamaere

Njira yodalirika yoyezera opaleshoni ndi kugawa odwala ofanana m'magulu awiri mwamaere. Pa ululu wa msana wokhalitsa wopanda mtsempha wopanikizika, zimenezi zinachitika kangapo ku Ulaya.

Ku Sweden, kafukufuku wa Peter Fritzell ndi anzake wa mu 2001 anali ndi odwala 294. Patatha zaka ziwiri, 63 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni anati akupeza bwino, pomwe mwa osachitidwa anali 29 pa 100. Otsutsa anati gulu lachiwirilo linangopatsidwa mafizo wamba, omwe anali atawakanika kale. Ku Norway, Jens Ivar Brox mu 2003 anafanizira opaleshoni ndi maphunziro a masabata ochepa, ophatikiza masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa odwala kuti kuwerama ndi kuyenda sikuwononga msana. Odwala anali 64, ndipo patatha chaka magulu awiriwo anali pafupifupi chimodzimodzi. Ku Britain, Jeremy Fairbank mu 2005 anachita zofanana ndi odwala 349. Opaleshoni inapambana pang'ono kwambiri, pang'ono moti ofufuzawo sanaone chifukwa chomveka choikondera. Mu 2016, bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linati opaleshoniyi isamaperekedwe pa ululu wa msana wokha, pokhapokha ngati ili mbali ya kafukufuku. Achibale athu okhala ku Britain amene dokotala anawakaniza opaleshoni n'kuwatumiza ku mafizo, gwero lake ndi limeneli.

Ngakhale pa okalamba amene ngalande ya mitsempha yachepa, pamene ambiri amavomereza kuti kutsegula ngalandeyo kumathandiza, akatswiri sagwirizana ngati n'koyenera kuwonjezerapo zitsulo. Mu April 2016 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku muwiri tsiku limodzi. Wa ku Sweden, wa odwala 247, anapeza kuti kulumikiza sikunawonjezere phindu. Wa ku America, wa odwala 66 otsetsereka fupa, anapeza phindu lochepa, komanso kuti olumikizidwa sankabwereranso ku opaleshoni kawirikawiri.

Moyo pambuyo pa opaleshoni

Masiku oyamba ndi owawa, ndipo odwala ambiri amati sanayembekezere kuti angafike pamenepo. Minofu ya kumsana imakhala itakankhidwa kwa maola. Komabe anamwino amamudzutsa munthu tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti ayende, pofuna kupewa magazi kuundana m'miyendo. Amaphunzira kutembenuka pabedi thupi lonse pamodzi ngati chipika. Mankhwala amphamvu opha ululu amamanga m'mimba, ndipo pali odwala amene amakumbukira vuto la kuchimbudzi kuposa bala lenilenilo. Amene anawachotsa fupa la m'chiuno nthawi zina amadandaula za pamenepo kuposa pamsana. Ambiri amatuluka m'chipatala pakatha masiku awiri mpaka asanu.

Lamulo la masabata otsatira ndi la zinthu zitatu: osawerama, osanyamula zolemera, osapotoza thupi. Malangizowa analembedwa poganizira nyumba ya chimbudzi chokhalira ndi galimoto ya mipando yofewa. Munthu amene wachitidwa opaleshoni ku India kapena ku South Africa n'kubwerera kumudzi amakumana ndi chimbudzi chonjuta, mphasa, mafuwa a pansi, ndi kabaza pamsewu wa mabampu. Zimenezi n'zofunika kuzikonza ulendo usanayambe, monganso kudziwa amene adzaone bala ndi kujambula ekisire yotsatira kuno kwathu.

Ululu wa mwendo ndi umene umayamba kuchoka, ena amadzuka pa opaleshoni utapita kale. Dzanzi ndi kufooka zimachedwa, chifukwa mtsempha umachira mwaulesi, ndipo umene unapanikizika nthawi yaitali sungabwerere mwakale. Ululu wa msana ndiwo wosadziwika. Ogwira ntchito ya muofesi ena amabwerera pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, a ntchito ya manja miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, enanso osabwereranso. Kuuma kwa msana sikukhala kwakukulu mpata ukakhala umodzi, popeza kuwerama kwambiri kumachitikira m'mfundo za ntchafu. Mipata ikakhala itatu kapena inayi, kuvala nsapato kumasanduka ntchito.

Pali gulu limene limavutika mumtima kuposa onse: amene ekisire ikuonetsa kuti fupa lagwira bwinobwino, dokotala akuti opaleshoni inayenda, koma ululu uli pomwepo. Onse awiri akunena zoona. Dokotala akuyeza fupa, wodwala akuyeza tulo ndi ntchito. N'chifukwa chake mawu oti "opaleshoniyi imayenda bwino kwa 90 pa 100" amafunika kufunsidwa kuti akunena za fupa kugwira kapena za ululu kutha.

Kenako pali zaka zam'tsogolo. Anthu asanu akanyamula mtanda wa denga, mmodzi n'kusiya, katundu wake amagwera oyandikana naye. Mpata wolumikizidwa ukasiya kupindika, wapamwamba ndi wapansi pake umagwira ntchito yoonjezera. Kafukufuku wina wa ku Los Angeles wa mu 2004 anayerekeza kuti odwala pafupifupi 16 pa 100 amafunika opaleshoni ina pampata woyandikana pakatha zaka 5, ndipo 36 pa 100 pakatha zaka 10. Akatswiri amatsutsanabe kuti mbali yochuluka bwanji ya zimenezi ndi mlandu wa zitsulo, popeza msana umene disiki imodzi inatha kale ungakhale ndi chibadwa chothetsanso ina. Woods yemwe uja, kumapeto kwa 2020, anachitidwanso opaleshoni ina ya msana.

Pamene mkangano ulibe malo

Zonsezi zikukhudza ululu wa msana umene gwero lake silioneka bwino. Pali matenda ena amene madokotala ambiri amavomerezana kuti kulimbitsa msana n'kofunika: fupa lothyoka pa ngozi n'kusiya msana wogwedezeka, khansa imene yadya fupa, msana wopindika kwambiri, fupa lotsetsereka limene likupanikiza mitsempha, ndiponso TB ya msana ikafika poopseza miyendo. Yomalizayi ndi imene ili pafupi nafe, chifukwa m'mayiko athu ano TB ikadalipo yambiri. Odwala ambiri a TB ya msana amachira ndi mankhwala okha ikapezeka msanga, ndipo opaleshoni imabwera fupa likaphwanyika kapena miyendo ikayamba kufooka. Munthu amene msana ukumuwawa usiku ngakhale atagona, akuonda, akutuluka thukuta ndi kutentha thupi, vuto lake si la nkhata yophwa, ndipo akufunika kuyezedwa TB.

Palinso zizindikiro zosadikira mawa: dzanzi pakati pa miyendo ndi kumaliseche, mkodzo kukanika kutuluka kapena kungotuluka wokha, chimbudzi kutuluka munthu osamva, miyendo yonse iwiri kufooka mofulumira. Pamenepo mtolo wonse wa mitsempha ya m'munsi wapanikizika, ndipo madokotala amawerenga maola. Opaleshoni yake imakhala yotsegula ngalande mwamsanga, ndipo munthu akachedwa kufika kuchipatala, chikhodzodzo ndi matumbo zikhoza kulephera kugwira ntchito moyo wake wonse.